Oyilo wa kwathu ku Mangochi

Suwedi anaimika zigubu ziwiri za oyilo pa boneti ya lole yake yonyamula malasha. Unali mmawa wa mu Juni, chisanu cha ku Joni chikuluma zala.

"Thira wopyapyalayu, mphwanga," anatero Che Binali, amalume ake, omwe anakalambira m'magalaja a ku Soweto. "Timisewu ta m'injini muno tinatsekeka ndi litsiro. Oyilo akakwera pamwamba amachedwa kutsika. Wolemerayo, ndi chisanu ichi, akagona konko."

"Amalume, ku Mangochi lole yokalamba timaimwetsa wolemera. Wamadzimadziyu ingomupsereza, ifuke utsi msewu wonse."

Utsi ndiwo unkamuopsa Suwedi. Chaka chimenecho, 1986, asilikali ankatseka misewu yolowera m'malokeshoni, ndipo lole yofuka ankaiimitsa msanga. Iyeyo chikalata chake chokhalira m'dzikomo chinatha kalekale. Akangomufunsa, kunali kugona m'chitokosi, kenako sitima ya kumudzi, kusiya mkazi wake Madina ali ndi pakati.

"Ku Mangochi kumatentha, kuno ndi ku Joni," anatero nkhalambayo.

Koma ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Suwedi anathira wolemera uja, wokoka ngati uchi, nanyamuka.

Anawapezadi asilikali pamlatho. Mzere unali wautali, lole ikungolira pamalo amodzi. Utsi kunalibe, ndipo Suwedi anadziyamikira chamumtima. Kenako kanyali kofiira kochenjeza za oyilo kanaphethira. Kanaphethiranso, n'kuyaka osazimanso.

Mayo ine! Oyilo yense anali atakakamira pamwamba, pansi pouma gwa. Mankhwala ake ankawadziwa: kuzimitsa injini, kudikira kuti atsike. Koma ndani angazimitse lole pamphuno pa mfuti? Mantha anamugwira, thukuta kamukamu m'chisanu chonsecho.

Msilikali, kamnyamata kofiira makutu, anayang'ana malashawo, nayasamula, nakupiza dzanja kuti adutse.

"Alhamdulillah," ananong'ona Suwedi. Kenako anainyengerera lole: "Pirira mayi wanga, tingokhota apo basi."

Lole inadutsa migolo yotsekera msewu. Pansi pa mapazi a Suwedi panayamba kugogoda, go, go, go, ngati mlendo wa uthenga wa maliro. Pakona panatsala pang'ono. Injini inakuwa kamodzi, lole inagwedezeka, n'kuima pakatikati pa msewu. Zii.

Matekisi a m'mbuyo anayamba kuimba mahutala. Pakalilole Suwedi anaona msilikali uja akutembenuka, akukonza lamba wa mfuti paphewa, akubwera mosafulumira. Anaganiza za Madina, yemwe nthawi imeneyo anali akuyanika zovala kuseri kwa kachipinda kawo, osadziwa kanthu.

Mahutala ataleka, m'kachetechete umo, pansi pa boneti, anamva kaphokoso kakang'ono. Tho. Tho. Tho. Oyilo uja anali atayamba kutsika.