Dalaivala Anawerama Kawiri

Amuna anga, a Abdala, amayendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Blantyre, ndipo kwa anthu ena mlandu wawo ndi umenewo. Shehe wa pamzikiti wathu ku Kanjedza atasamukira ku Mangochi, anasiya mawu akuti a Abdala azitsogolera swala mpaka komiti isankhe imamu. A Waziri, wapampando wa komitiyo, amene ali ndi sitolo ya nsalu mu Limbe, zimenezi sizinawakomere. Ankati munthu woswera kulimbana ndi oitanira minibasi sangaime patsogolo pa anthu. Komiti inali yoti ikumane Lachisanu, ndipo ndinkadziwa kuti amuna anga akangophonya pang'ono, udindowo awulira.

Kutatsala masiku asanu, wailesi inalengeza kuti madzulo ake kukhala kadamsana wa mwezi. A Abdala anaweruka msanga. Anayamba apita kwa a Ackim, aneba athu Achikatolika amene amaphunzitsa sayansi. Iwowo anatenga lalanje, ndimu ndi tochi ya foni, n'kuwaonetsa mmene dziko limalowera pakati pa dzuwa ndi mwezi mpaka mthunzi wake kuphimba mweziwo. Kufiira kwa mwezi pa kadamsana, anati, ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwadutsa mumpweya wozungulira dziko. A Abdala atabwerako anatsegula kitabu chimene Shehe anawasiyira, ine ndikuwamvetsera. Swala ya kadamsana ili ndi marakaa awiri, kunena kuti magawo awiri, koma pa rakaa iliyonse munthu amawerama kawiri, osati kamodzi monga tinazolowera.

Titatha swala ya usiku ya Isha mwezi unali utadyeka mbali imodzi. Kwathu kwa azimayi, kuseri kwa katani, manong'onong'o anali ponseponse akuti kukufa munthu wamkulu. Ndinamva a Abdala akuti, "Abale, tisanayambe ndifotokozeko pang'ono."

"Sitinabwere kusukulu," anawadula a Waziri. "Kuswali tinayamba inu musanabadwe. Tiyeni."

Safunsa adadya phula. A Abdala anawerenga Fatiha, ndime zotsegulira swala, ndi sura yaitali ya m'buku loyera, n'kuwerama. Ataweramuka, anthu anachita zimene mawondo awo anazolowera. Ndinangomva kuti gu gu gu, theka la mzikiti lagwetsa zipumi pansi, pamene imamu ali chiimire akuyambanso Fatiha.

"Subhanallah," anatero a Waziri, mawu amene amuna amanena pokumbutsa imamu kuti walakwitsa. Anabwereza mokweza, ena atatu n'kuwatsatira. Mayi amene anali pafupi nane anaomba m'manja, umene ndi ukumbutsi wathu azimayi. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa amuna anga ndimawadziwa, munthu wamkulu akangokhosomola iwo amakhala atapepesa kale. Koma ulendo uno sanapepese. Anapitiriza mpaka kuwerama kachiwiri.

Salamu yotsekera swala itangoperekedwa, a Waziri anadzuka. "Mwaona? Kuwerama kanayi pa marakaa awiri. Uku si kupanikiza anthu pampando wa minibasi." Anatulutsa foni, kuimbira Shehe ku Mangochi, n'kuikweza kuti aliyense amve. Anafotokoza zonse, mchere n'kuthirako.

"Kawiri pa rakaa iliyonse?" anafunsa Shehe. "Ndi mmene Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anaswalira. Kuno tangomaliza chimodzimodzi. Nanga anakutsogolerani ndani?"

Ine ndinaphimba pakamwa ndi mpango, pakuti chiseko chinali chitandifika pakhosi ndipo malo ake sanali amenewo.

A Abdala sananyoze munthu. Anaima n'kunena kuti tsiku limene mwana wa Mtumiki anamwalira dzuwa linada, anthu n'kumati likulira maliro, koma Mtumiki anakana. Anati dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah, sizida chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu. "Umenewo ndi mthunzi wa dziko lathu lomweli," anatero. "Amene anauyeza kuti ufike pa ola lake ndi amene tikumuweramira." Mayi woomba m'manja uja anapumira m'mwamba, n'kundinong'oneza kuti bambo ake ali m'chipatala ndipo mtima wake wakhala pansi.

Ndinasuzumira pawindo. Mwezi unali udakali wofiira ngati njerwa yootcha. Ndinatsegulanso katani pang'ono, ngakhale si khalidwe, ndipo ndinaona a Waziri akupisa foni m'thumba la mkanjo, maso ali pamkeka.

"Enafe tinagwa pansi nthawi isanakwane," anatero motsitsa mawu. "Mwezi sunayere. Tibwereze."

Anadutsa mizere iwiri n'kukaima kumbuyo kwenikweni kwa amuna anga.

"Poyamba mutifotokozere," anatero. "Kenako mutsogole, a Imamu."