Zikuluma Kuchidendene

1.
Si izi.
Adadi anatero katoni ya nsapato ili pamiyendo pawo, pepala lofewa lija asanamalize n'komwe kulichotsa.
Ndi zomwezo, Adadi. Kampani yake yomweyo, mtundu wake womwewo.
Ndati si izi, Ndaziona.

2.
Ndaziona ndine. Adadi ndi a Wyson Kalimbira a ku Chilomoni, amene paunyamata wawo ankasewera basiketibo mpaka anthu kukwera pampanda kuti awaone. Amayi tinawaika m'manda nthawi ya dzinja. Chisanu chitafika, Adadi anagwa kubafa. Sitiroko. Mwendo wamanzere unafooka, mutu nawo unayamba kutaya zinthu: masiku, mayina, njira yopita kukhitchini.

Adokotala a mafizo, olimbitsa ziwalo zofooka, anati aziyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uuma.
Adadi anati ayenda. Koma mu nsapato zawo za basiketibo.

3.
Mawu akabwera, Adadi amayankhula chonchi:

zinachokera ku Joni ndi achimwene anga, zoyera ndi zofiira, zofika m'kakolo, ndipo tsiku lomwe ndinazivala koyamba pabwalo la simenti lija anyamata anasiya kudunda mpira n'kumayang'ana mapazi anga, ine ndikadumpha ndinkamva ngati pansi pandikankha, amayi ako ali kuseri kwa waya ndi anzawo akunamizira kuti angodutsa, chikhalirecho abwera kudzaona ine, ndipo ndinasewera nazo zaka ndi zaka osatuluka thuza ngakhale limodzi, wamva, ngakhale limodzi

4.
Zinali pamwamba pa wadiropu, m'jumbo, kuyambira ndili kusukulu. Ndinakwera pampando n'kuzitsitsa. Nditakweza yakumanja, soli inatsala m'jumbomo. Soli yakumanzere inanyenyeka m'manja mwanga ngati buledi wogonera.
Ufa wachikasu pasiketi.
Wosoka nsapato wa pamsika anazitembenuza, n'kundibwezera. Palibe pogwira ulusi apa, achemwali.

5.
Ku Limbe kuli a Bizwick, amene shopu yawo ndi ya nsapato za masewera zokhazokha. Ndinawaonetsa chithunzi pafoni.
Anaseka. Izi zinabweranso! Kampani inazipanganso, achinyamata akuzilimbirana. Si feki ayi, gwirani chikopacho.
Ndi zofanana ndi zakalezo?
Ngati mapasa.
Ndinazinyamula pachifuwa mu minibasi ngati khanda.

6.
Zimene Adadi anapeza, dzanja lawo labwino likufufuza:
kufiirako kwanyanya
lilime lake lanenepa
zingwe zikuterera
zikununkha guluu, zija zinkanunkha chikopa
zapepuka ngati mulibe kanthu
kuchidendene kwauma.

Si izi.

7.
Ndinawanyengerera mpaka analola. Ndinagwada, ndinawaveka, ndinamanga zingwe. Anaimirira atandikolowekera dzanja m'khosi, thupi lonse lija la munthu wamtali litatsamira pa ine, ndipo tinayenda kuchoka pampando kufika pakhomo, kuchoka pakhomo kufika pa mtengo wa mapeyala.
Pamenepo anaima.
Zikuluma.
Zizolowera, Adadi.
Zikuluma kuchidendene. Zanga sizinkaluma.
Nditawavula, khungu linali litasupuka. Anayang'ana balalo, kenako ine, ngati ndawaluma ndine.

8.
Umabwerera ku Limbe. Umaika katoni pakauntala, umati munanena kuti ngati mapasa. A Bizwick sasekanso. Amati asisi, maonekedwe ake amatengera ndithu, koma chikombole ndi china, chikopa ndi china, amisiri akale aja anapuma. Amati komabe mundikhulupirire, zakalezo n'zimene zinkaluma kwambiri, aliyense amene anazivalapo amadandaula chidendene, zatsopanozi anachita kuzifewetsako. Umati bambo anga akuti sizinkaluma. Amakweza mapewa. Amati mwina aiwala.

Umafuna kukalipa. Koma munthu amene dzulo anakufunsa ngati ndiwe nesi, ungamuikire umboni bwanji?

9.
Masokosi awiri. Ayi.
Thonje kuchidendene. Analizula.
Silipasi. Anaziponya pansi pa bedi.
Nsapato za kutchalitchi. Kodi ndafa?

Adokotala a mafizo anapinda bondo lija, linakana, anapindanso, Adadi anakuwa. Kunja kwa chipinda anandiuza motsitsa mawu kuti nthawi ikutithera.
Ndiye nditani, adokotala?
Ayende basi.

10.
Ayende basi.
Ayende basi.
Adadi pampando, maso pawindo, mwendo uli gwa.

11.
Loweruka m'mawa ndinatenga jumbo ija kuti ndikataye, chifukwa nthawi zonse akaiona ankayambiranso kufunsa. Ndili kudzala ndinati ndichotseko zingwe, zikhale chikumbutso. Ndinapisa dzanja mkati mwa yakumanzere. Chala chinakhudza chinthu chofewa.

Ndinang'amba chikopa chake kuti ndione bwino.

Kuchidendene kunali kansalu kopindidwa kangapo, kosokedwa ndi ulusi wakuda, timisoko ting'onoting'ono toyandikana. Pansi pake kansalu kena, kakale kuposa koyambako. Pansi pakenso kena. Chitenje chobiriwira cha timasamba, china cha madontho, china chimene ndinachidziwa chifukwa pa chithunzi cha pabalaza ndaberekedwa nacho kumbuyo. Kamodzi kakatha, ankasokererapo kena. Yakumanja chimodzimodzi.

Misoko imeneyo ndimaidziwa. Inali m'mayunifolomu anga onse.

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi.

Kenako ndinalowa m'nyumba n'kuika chidutswacho m'dzanja la Adadi. Anachisisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali. Nkhope yawo inamasuka, koyamba chigwereni kubafa kuja.
Eya, anatero. Izi.
Anayang'ana katoni ya nsapato zatsopano, kenako chitseko cha kuchipinda.
Ndiye vuto lili pati? Kawauze amayi ako asokerere. Mawa tiyende.

Ine singano sindinaigwirepo. Amayi ankati ndidzakuphunzitsa ukadzapeza nthawi.

Ndaziona, wamva?
Ndamva, Adadi. Ndiwauza.