Dzanja la Bibi Afroz

Dzanja limene anagwira sing'anga tsiku lija linali langa. Sindikana ayi.

Ine ndine Rahiman. Mayi anga anayamwitsa Bibi Afroz, mwana wamkazi wa Nawab, mfumu ya ku Zafargarh, choncho tinakulira limodzi kumbali ya akazi, iye pamtsamiro, ine pamkeka. Mwamuna wakunja sankaloledwa kuona nkhope yake. Akadwala, sing'anga ankakhala kuseri kwa katani n'kupatsidwa dzanja lokha kuti amve kugunda kwa mtsempha.

Chaka chimenecho, ukwati wake utatsala mwezi umodzi, Bibi ankatsokomola ngati mbuzi. Mphekesera zitafika kuchimuna, anatumiza sing'anga wawo, nkhalamba ya ndevu zopakidwa utoto wofiira wa hina, ati adzangopereka moni. Tonse tinadziwa kuti akapeza chifuwa chachikulu, ukwati watha.

Begum, mayi ake a Bibi, anandiitana.

"Iwe Rahiman, wanenepa ngati njati ya mkaka. Uvale zibangili za Bibi, ukatulutse dzanja lakolo."

"Huzur, mbuye wanga, nanga zikhatho zangazi? Zokhakhala chonchi?"

"Uzinyike m'mafuta. Pakamwapo utseke."

Masiku atatu ndinakhala ndwii, manja ali m'mbale, osagwira ntchito. Bibi ankaseka mpaka kutsamwa. "Usakamukande ndi zikhathozo mdala wa eni ake," anatero.

Tsikulo Bibi anamubisa kuchipinda chakutali, ine n'kutulutsa dzanja pansi pa katani. Nkhalamba ija inagwira nthawi yaitali. Inapempha dzanja linalo, ndinaipatsa. Kenako inati, "Chifuwa mulibe," n'kunyamuka osalawa ngakhale chakumwa chimene anaikonzera. Begum anathokoza Mulungu, nagawira osauka mpunga.

Apa ndinene zoona. Ndinali nditakwatiwa ndi Sattar, woyendetsa ngolo ya akavalo, miyezi isanu m'mbuyomo. Kumwezi ndinali nditaphonya kawiri, koma ndinkati mwina n'kutentha kwa chaka chimenecho. Komanso anandifunsa ndani?

Patatha sabata mphatso zathu zonse zinabwezedwa, pamodzi ndi kalata ya mizere itatu. Akuchimuna ankati sangalandire mkwatibwi woyembekezera.

Nawab anatuma mlembi wake kuti akaulule zonse ndi kulumbira atagwira Kurani. Anamuyankha kuti banja lonamiza anthu ndi dzanja lingawanamizenso ndi mimba. Nkhani inafala m'nyumba zonse zachifumu, kuyambira kumapiri mpaka kunyanja, ndipo palibenso anabwera kudzafunsira. Chifuwa chija chinatha chokha mvula itayamba.

Begum anandimenya ndi nsapato pamaso pa anthu. Ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndikadakwiya. Bodza lawo, nsapato n'kugwera ine! Koma chimene chinandipweteka ndi Bibi. Sanandikalipire, sanalire. Anangosiya kundiyankhula, miyezi isanu ndi iwiri yathunthu. Tsitsi ankamupesa wina.

Ndinabereka mwana wamkazi. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, tikumumeta tsitsi, azimayi onse anangoimirira. Bibi anali pakhomo, kuno kwa antchito kumene sanapondeko chibadwire, atakweza pang'ono chovala chake kuopa matope.

Ine sanandiyang'ane. Anatambasula manja.

"Tabwera naye kuno," anatero. "Dziko lonse likuti ndi wanga, ine ndekha ndiye sindinamuone."