Ku Joni Kulibe Doko

Amuna anga a Mustafa amasamba m'manja asanaitanidwe kudya. Akangomva mbale zikulira pakhomo pa munthu amafika, kupereka salamu, maso ali pabeseni. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala nawo, sindinawamvepo akufunsa mtengo wa chimene akudya.

Kale ankapha nsomba m'boti la eni ake ku Mbenji, koma anawathamangitsa atawapeza ndi kachasu, poti pachilumbapo mowa ndi woletsedwa. Chiyambireni ntchito yawo ndi yodikira maboti padoko m'mawa. Boti likamafika amagwirako chingwe, kukoka pang'ono, eni ake n'kuwatapira usipa wa ndiwo. Zina zonse zapakhomo zimachokera mufiriji yanga ya mafirizesi.

Mwezi watha Charity, mnzanga wakusukulu amene ali ku Joni, anandipezera ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina. Malipiro marandi 5,000 pamwezi. Ndinagulitsa firiji ija. Ndalama zake zinali zokwanira chimodzi mwa ziwiri: kulipira thiransipota anthu awiri n'kukafika chimanjamanja, kapena kupita ndekha ndili ndi lendi ya mwezi woyamba m'thumba.

A Mustafa anali atasankha kale. Anapita ku Khombedza kukagula jekete yapakaunjika, n'kumauza aliyense padoko kuti “tikupita.” Loweruka masana anabwera ndi amayi awo, apongozi anga, atanyamula chikuto cha kope la mwana wathu Mayankho. Anali atalembapo bajeti.

“Tamvera, Hidaya. Ufa, mchere, sopo, mafuta ophikira. Zonse pamodzi sizingapose marandi 700. Zotsalazo tikasintha m'makwacha, chaka chimodzi tagula boti la injini. Inshallah.”

“Nanga ndiwo, bambo a Mayankho?”

“Ndiwo tikaona konko. Munthu angagule ndiwo tsiku ndi tsiku ngati mzungu?”

“Nkhuni? Madzi? Pogona?”

“Pogona si kwa Charity?”

Apongozi anagwedeza mutu kuvomereza. “Mwana wanga ali ndi mutu. Mkazi kupita yekha kutali choncho n'kupereka nyama kwa agalu. Apite akakuyang'anire.”

Ndinatenga foni n'kutsegula mavoisi amene Charity ananditumizira, ndinakweza mpaka kumapeto. Mawu ake anadzaza khonde lonse.

“Asisi, lemba. Kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu, kopanda siling'i, 1,800. Kwa ine kulibe malo, tili anayi kale. Mataxi opitira kuntchito 1,100, ndipo ukamaweruka mochedwa usayerekeze kuyenda pansi. Mayunitsi amagetsi 400, mwezi wa Juni kuwirikiza chifukwa kuzizira kwa kuno kumapha. Chakudya cha munthu mmodzi 1,200 ukamadzimana. Foni 150. Ukadwala, udziwa wekha.”

Ndinalemba zonsezo kuseri kwa bajeti yawo, manambala akuluakulu kuti apongozi aone ngakhale sadziwa kuwerenga. Zinakwana 4,650.

“Zotsala ndi 350,” ndinatero. “Ndizo za sukulu ya Mayankho. Tsopano tiike inuyo.”

“Undiike bwanji? Ndine thumba la ufa ine?”

“Thumba la ufa limadyedwa. Inu mumadya. Nkhomaliro yanu ndi mitanda inayi, ndimawerenga ine wophika. Ndikuikani 1,500, poti mumaposa munthu mmodzi. Fodya 300. Kachasu wa kumeneko sindikudziwa mtengo wake, ndasiya mpata. Ndiye mwezi uliwonse ndizikhala ndi ngongole ya marandi osachepera 1,800 chifukwa chokhala ndi mwamuna.”

“Ndikapeza ganyu!”

“Yanji? Kumanga simudziwa. Galimoto simuyendetsa. Chizungu chanu chimathera pa moni. Ku Joni kulibe doko, bambo. Kulibe chingwe choti mukagwireko anthu n'kukutapirani usipa.”

Akazi awiri amene ankayanika usipa pathandala la pafupi anasiya ntchito. Wina anaseka osabisa. A Mustafa anayang'ana amayi awo.

“Mwano umenewu!” anakalipa apongozi. “Mwamuna amaikidwa pamtengo ngati mbuzi?”

“Mbuzi ikanakhala bwino, amayi, bwenzi nditagulitsa m'malo mwa firiji. Ngati mukufuna apite, perekani 1,800 mwezi uliwonse. Kapena muwatenge muziwadyetsa inuyo, muone ngati chigoba chanu cha ufa chifike pakati pa mwezi.”

Ndinaona milomo ya apongozi ikuyenda, akuwerengera chamumtima. Kenako anakonza mpango wawo n'kunena motsitsa mawu kuti nyumba yawo ndi yaying'ono, komanso muli kale adzukulu atatu. A Mustafa anamva. Nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene boti lamusiya pamchenga.

“Hidaya,” anatero amayi awo atapita, “ndiye ine ndizidya chiyani?”

Sanafunse kuti ndikagona pati, kapena kuti ndikabwera liti. Chifundo chimene chinatsala mwa ine chinathera pomwepo.

“Nyumba ino ndi ya kwathu, mugonamo mpaka achimwene anga adzaifune. Mayankho akukakhala kwa amayi anga, ndalama zake zizipita kwa iwo, osati kwa inu. Maboti akadali kubwera m'mawa uliwonse.”

Anavula jekete ija, imene anaivala dzuwa lonselo, n'kuiponya pamkeka. Anatuluka kulowera kunyanja osatseka chitseko.

Ndinaimbira thiransipota kuti mpando ndi umodzi, Lachiwiri. Anafunsa za bambo aja ndinawatchula poyamba. Ndinati adwala.

Kenako ndinatsitsa chikwama. Ndinaikamo zitenje zitatu, bulangete, poto mmodzi, ufa wokwana milungu iwiri ndi usipa wouma umene ndinagula ndi ndalama zanga. Pasipoti ndi ndalama za lendi ndinazisokera m'lamba wamkati. Pamwamba panatsala malo pang'ono, ndinaikapo nsapato zogwirira ntchito, n'kukhalira chikwamacho kuti zipi atseke.