Milutin Wachinayi

Dunja anali pakati popukusa mtedza pamene bambo ake anabwereza mawu aja kachitatu.

"Mwanayo akhala Milutin. Nkhani yatha."

"Wakutsutsa ndani, Rade?" anatero azakhali a Zorka, maso ali mumphika. "Chiyambire m'mawa ukungoyankha funso loti palibe wakufunsa. Chotsa chigongono patebulopo, ndikufuna ndikhuthulirepo tirigu."

A Radisav anachotsa chigongonocho, koma m'khitchinimo sanatulukemo. Anali ndi malaya akuda omwe aja a tsiku la maliro, ndevu zosameta monga mwa mwambo, ndipo chimwalirireni bambo awo ankasowa poika manja.

Panali patapita masiku anayi chiikireni agogo a Milutin m'manda. Mawa lake, Loweruka, banja linkayenera kupita kumandako ndi tirigu wotsekemera, makandulo ndi botolo la rakiya, kachasu wa kumeneko. Koma nkhani imene inali pakamwa inali ya Lamulungu, tsiku lotcha mwana dzina. Agogowo anali kum wa banja la a Ljubinka, a kutsidya kwa mlatho, monga analili atate awo ndi agogo awo. Kum ndiye amanyamula mwana pa ubatizo, ndiyenso amamutcha dzina, ndipo makolo amalilandira dzinalo monga munda ulandirira mvula, osasankha. Mayi wa mwanayo kum amamuitana kuti kuma. Tsopano Tijana, mpongozi wa a Ljubinka, anali ndi khanda la masiku khumi lomwe ankangolitcha Kamlendo, ndipo ukum unali utagwera a Radisav limodzi ndi munda wa zipatso za maplamu ndi thirakitala yokana kulira kukazizira.

"Ana khumi ndi mmodzi anawatcha mayina," a Radisav anapitiriza. "Khumi ndi mmodzi, Zorka. Alipo amene anamupatsa dzina lawo? Palibe. Manyazi. Milutin womaliza m'mudzi muno tamukwirira Lolemba."

"Ndi dzina la nkhalamba, kusukulu akamuseka," anatero a Zorka, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma m'patse. Atate ayenera."

Dunja anazunguza chigayo cha mtedza mwamphamvu mpaka tebulo linayamba kunjenjemera. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anali wa anthu aja amene amayamba akonza chiganizo mumtima, n'kuchikonzanso, pofika pochitulutsa anzawo ali kale pa nkhani ina. Chimene chinali mumtima mwake tsiku limenelo chinali chachifupi. Dzina limodzi lokha.

Masiku awiri asanamwalire, agogo anamuitana kuchipinda kwawo masana, anthu ali kumunda. Anamuuza kuti atsike kuchipinda chapansi akatenge botolo la jamu wa maplamu, la chaka chatha, osati la dzana lomwe linachuluka shuga.

"Upite nalo kwa Tijana. Ulowere khomo la kukhitchini, osati lakutsogolo. Apongozi ake akatuluka, umufunse dzina limene wakhala akumuitana mwanayo mimba isanaoneke n'komwe."

"Nanga si inu otcha dzina, agogo?"

"Ndine. N'chifukwa chake ndikufuna kulidziwa." Anatsokomola, kenako anamukodola ndi chala. "Usauze munthu. Kum wofunsa dzina kwa mayi amasekedwa mpaka kumsika wa ku Valjevo."

Tijana atamva funsolo anatsala pang'ono kugwetsa botolo. Anali mlendo m'mudzimo, wochokera kutali kum'mwera, ndipo analeredwa ndi bambo ake okha, amene anamwalira kutatsala miyezi iwiri kuti ukwati wake uchitike. Ananong'ona kuti, "Damjan," n'kuyang'ana kukhomo ngati waba. Dunja anabwerera nalo dzinalo osaima paliponse panjira, ndipo agogo atalimva analitchula kawiri, pang'onopang'ono, monga ankachitira polawa rakiya watsopano. "Dzina labwino ndaganizali," anatero, n'kutsinzina.

Sanakhalitse mpaka tsiku lokalinena.

Madzulo a Lachisanulo dzuwa lisanalowe, Dunja anapeza bambo ake m'shedi ya zipangizo. Anaima moyang'ana khoma pamene agogo anamatapo zithunzi zitatu zodula m'manyuzipepala, zofiirira ndi ukalamba. Choyamba chinali cha mfumu Milutin ya makedzana, yojambulidwa pakhoma la tchalitchi ili ndi chisoti chachitali. Chachiwiri chinali cha katswiri wa masamu a dzuwa ndi nyengo, Milutin nayenso, atavala taye. Chachitatu chinali cha goloboyi wina wakale, Milutin winanso, ali m'malere, mpira uli m'manja. Mlendo aliyense wolowa m'shedimo ankamva nthabwala imodzimodzi: woyamba anamanga matchalitchi, wachiwiri anawerengera dziko lonse za kuzizira, wachitatu anagwira mipira, ndipo wachinayi, apa agogo ankadziguguda pachifuwa, amadulira maplamu ndipo ndiye yekha amene mungamwe naye.

"Ukuwaona anthu awa?" anatero a Radisav osacheuka. "Dzina limeneli si lamasewera. Lingathere kwa ife?"

"Ayi, ababa."

"Umafuna chiyani?"

Chiganizo chinali chokonzeka. Koma Dunja anaona mmene bambo ake ankasisitira m'mphepete mwa chithunzi cha goloboyi ndi chala chachikulu, ndipo anakumbukiranso chala cha agogo chikumukodola.

"Azakhali akuti mubwere mudzalawe tirigu," anatero.

Loweruka kunacha bwino, kopanda mphepo. Wansembe atamaliza mapemphero, n'kuthira vinyo pamtumbira mopingasa ngati mtanda, anthu anayala nsalu pa tebulo la simenti la pambali pa manda. Aliyense anatapa supuni ya tirigu n'kunena kuti Mulungu awakhululukire malemuwo. Nenad, bambo wa khanda lija, anayatsa ndudu n'kuizika m'dothi kumutu kwa manda kuti agogo asute nawo. Tijana sanabwere, poti mayi wa khanda satuluka masiku makumi anayi asanakwane, koma a Ljubinka analipo, mpango wakuda uli kumutu, akugawa buledi ngati mwambowo ndi wa kwawo.

A Radisav anadontheza rakiya pansi, n'kukweza kapu.

"A Ljubinka, Nenad, mawa ndikubwera ndi dzina. Sindibisa, poti mwiniwake ali pompano akumva. Mwanayo adzatchedwa Milutin."

Anthu anavomereza ndi mitu. Nenad anati, "Ndi ulemu waukulu, a kum," koma anayang'ana nsapato zake, ndipo Dunja anadziwa kuti mkazi wake anali atamuuza.

"Agogo anali atasankha kale."

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Dunja aang'ono, moti a Zorka anachita kufunsa kuti wati chiyani. Dunja anayang'ana ndudu ija ikufuka m'dothi, n'kupepesa chamumtima.

"Anasankha Damjan. Anandituma kwa Tijana ndi jamu kuti ndikafunse dzina limene iye akufuna. Anati ndisauze munthu."

"Dunja," anatero bambo ake motsitsa mawu. "Pamanda sitipekerapo nkhani. Atate anali kum zaka makumi asanu. Akafunse dzina kwa mtsikana wobwera dzulo?"

"Sindikupeka, ababa."

Kenako kunamveka kaphokoso kachilendo. Anali a Ljubinka, atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedezeka. Ena anayesa akulira.

"Jamu wa maplamu?" anafunsa. "Khomo la kukhitchini?"

Dunja anagwedeza mutu.

"Nkhalamba yabodza iyi," anatero a Ljubinka, akuloza mtumbira ndi buledi. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyesa kuti ndine ndekha. Inabwera ndili ndi masiku anayi chibadwire uyu, apongozi anga ali kokama ng'ombe. Akuti, a kuma, mtima wanu ukuti chiyani? Ine n'kuti Nenad. Lamulungu lake anaimirira pamaso pa anthu, chifuwa patsogolo, akuti dzinali landibwerera kutulo."

"Amayi, munkandiuza kuti a kum analota," anatero Nenad.

"Ndiye ndikanati chiyani? Anandilumbiritsa."

Kumapeto kwa tebulo, mayi wina wa banja lomwelo, a Desanka, anaika kapu yawo pansi. "Kwa ine anabwera kawiri," anatero. "Ulendo wachiwiri jamuyo anali wowawasa, koma ndinalandira."

Kuseka kunayamba ndi amayiwo, n'kufalikira tebulo lonse, kuseka kwa anthu amene akhala akulira sabata yathunthu. Ngakhale wansembe anatembenukira kumbali n'kumakonza ndevu. A Zorka anakhala pansi pa benchi, akupukusa mutu. "Ndiye kuti mabotolo ankasowa aja sankapita kwa asisitere," anatero. "Amayi anamwalira akukhulupirira kuti amapita kwa asisitere."

A Radisav okha sanaseke. Anamwa rakiya wawo, n'kuyamba kulongedza mbale, ndipo pobwerera anayenda patsogolo okhaokha. Dunja ankawatsatira chapatali, mphika wa tirigu uli m'manja. Atafika pa mlatho anawapeza ataima, akuyang'ana madzi.

"Unalonjeza kuti suuza munthu," anatero.

"Ndinalonjeza."

"Ndiye?"

"Ndinaona kuti ndikasunga lonjezolo, chimene ankafunacho chitayika." Anasuntha mphika kuuika padzanja lina. "Pepani, ababa."

Bambo ake anayang'ananso madzi aja. "Ine ndimati anali wamanyazi," anatero. "Ndimati ndiwabwezere chimene ankachita nacho manyazi kudzitengera." Anatulutsa mpweya wautali. "Ndiye lithe basi, dzinalo?"

Ulendo uno Dunja sanayambe wakonza chiganizo mumtima, anangonena chimene chinabwera. "Mwina wina adzalinong'ona yekha kukhitchini."

A Radisav anamuyang'ana ngati akumuona koyamba chichokereni kumaliro. Anamulanda mphika uja n'kuunyamula okha mpaka kunyumba.

Lamulungu m'mawa anavala jekete la agogo, limene linkawathina m'mapewa. A Zorka anali atakonza kale zopita nazo kwa mwana: buledi wozungulira, nkhuku yowotcha ndi kamalaya koyera. Atatsala pang'ono kunyamuka, a Radisav anasowa. Anatulukira kuchokera kuchipinda chapansi, ukonde wa kangaude uli paphewa, atagwira botolo lolembedwa chaka ndi dzanja lopendekera la agogo.

"Ili ndi la chaka chatha?" a Radisav anamufunsa Dunja.

"Ndi lomwelo."

"Tiye. Ukandisonyeze khomo."

Kwa a Ljubinka alendo anali atadzaza kale m'chipinda chochezera, ndipo aliyense ankadziwa dzina limene linkabwera, koma panalibe woonetsa kuti akudziwa. A Zorka analowera kutsogolo ndi dengu. Dunja anatsogolera bambo ake kuzungulira nyumba, kudutsa pa nkhuni ndi pa chingwe cha matewera. Anagogoda, ndipo Tijana anatsegula ali ndi mwana paphewa. Ataona a kum atsopano pakhomo la kukhitchini, nkhope yake inachita mantha.

A Radisav anavula chipewa. Anapereka botolo lija ndi manja awiri, n'kutsokomola.

"A kuma," anatero, "ndamva za ena, koma ndimati ndimve kwa inu. Mtima wanu ukuti chiyani?"

Tijana anayang'ana Dunja, n'kuyang'ana botolo. "Damjan," anatero. Ulendo uno sanacheukire kukhomo.

"Damjan," anabwereza a Radisav. "Damjan." Anaika chala m'kadzanja ka mwanayo, ndipo kanachifumbata. Kuchokera m'chipinda chochezera kunkamveka mawu a a Ljubinka akufunsa mokweza dala kuti kodi a kum asochera kuti.

A Radisav anavalanso chipewa kuti azungulire kukalowera kutsogolo monga kum aloweramo. Atatsika sitepe imodzi anabwerera, n'kuweramira kwa Tijana.

"Ndikanena kuti ndinalota," ananong'ona. "Musauze munthu."