Kompyuta ya a Makutu Yakana Kugona

"Ika dzanja apo umve wekha," anatero azakhali ataima chapatali, pakhomo pa kachipinda kojambulira mawu. "Ine ndiye sindiigwiranso. Chinthu kutentha ngati mwana wamalungo!"

Injiniya anagwira m'mbali mwa kompyutayo n'kuchotsa dzanja msanga. Inkatenthadi, ndipo fani yake inkalira mobuula. Dzina loti Injiniya anamupatsa ndi bambo ake, a Makutu, tsiku lomwe anaphwasula wailesi ali mwana, poibwezeretsa n'kutsala ndi masikuluwu anayi m'manja. Tsopano anali mayi wamkulu, wokonza makompyuta, ndipo azakhali ake anamuimbira foni m'mawa umenewo kuti abwere msanga.

"Zayamba liti?" anafunsa.

"Chimwalirireni amayi ako. Masabata asanu ndi limodzi tsopano. Kale bambo ako akangodzuka pampandopo, pakapita kanthawi sikirini inkazima yokha. Lero ayi, yangoti maso tong'o! Ndikamasesa imandiyang'ana. Ndiye taona kamzere kobiriwirako, kakugwedezeka chonsecho palibe akulankhula. Mwana wa achimwene, m'nyumba muno muli munthu amene sanatsanzike."

"Azakhali, kodi mizimu yamasiku ano inaphunzira kompyuta?"

"Seka iwe. Amayi ako anaphunzira foni imvi zili mbuu, ichi chingawavute n'chiyani?"

Injiniya anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Mizimu sankaiopa. Chomwe chinamudetsa nkhawa chinali china: m'kompyuta yakaleyo munali ntchito yonse ya bambo ake, makwaya ndi mauthenga amalonda a pawailesi, komanso nyimbo zomwe amayi ake anaimba asanadwale. Nyimbozo kunalibe kwina kulikonse. Kutentha kumeneku kukanapitirira, disiki ikanafa, ndipo mawu a amayi akanapita nayo limodzi.

Anakhala pampando n'kulemba mzere umodzi wofunsa kompyuta chimene chinkailetsa kugona. Yankho linabwera nthawi yomweyo.

"Azakhali, bwerani muuone mzimu wanu. Pulogalamu yojambulira mawu iyi inasiyidwa yotsegula. Yagwira dalaivala wa mawu, kapulogalamu kamene kamalumikiza maikolofoni ndi kompyuta. Malinga iko kakumvetsera, kompyuta imaona ngati ili pantchito, ndiye singagone. Basi, nkhani yake ndi yomweyo."

Azakhali sanasunthe pakhomopo. "Kakumvetsera ndani?"

Injiniya anayang'ana kumene mawuwo ankachokera. Maikolofoni ya patebulo inali itagona chagada, chingwe chake chitapombedwa bwinobwino, chosalumikizidwa paliponse. Komabe kamzere kaja kankakwera n'kutsika pang'onopang'ono. Anasuzumira kuseri kwa kompyuta ndipo anaona chingwe china chakuda, chikutsikira pansi, n'kudutsa kunsi kwa chitseko.

Anachilondola. Chinkayenda m'mphepete mwa khoma, chomatidwa ndi tepi malo ndi malo, kudutsa kuseri kwa kabati ya mbale, mpaka kukalowa m'chipinda chimene amayi ake anadwaliramo. Bedi linali loyalidwa bwino. Kumutu kwa bedilo kunali maikolofoni yaing'ono, yomangidwa ndi kansalu, itayang'ana papilo. Zenera linali lotsegula pang'ono, ndipo katani inkakhudza khoma mphepo ikawomba.

Anabwerera n'kuvala mahedifoni. Anamva kachiphokoso konga mvula yakutali, wotchi ikugunda, ndi katani ija ikuti waa, waa. Ankadziwa bwino kuti ndi katani chabe. Anagwira mausi kuti atseke pulogalamuyo.

"Usatseke!"

Anali a Makutu, atangolowa kumene kuchokera panja. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa m'kwaya ya anthu makumi atatu ankatha kuloza amene waphonya. Lero anali ataonda, kolala ya malaya ikugwedera, maso ali psuu.

"Ababa, chingwe ichi n'cha chiyani?"

A Makutu anakhala pakampando kapakona.

"Amayi ako atafooka, mawu awo sankafika kuno. Belu analikana, amati iwo si ng'ombe. Ndiye ndinawaikira maikolofoni. Ndinkagwira ntchito khutu lina lili kwa iwo. Akatsokomola ndinkamva. Akatembenuka ndinkamva. Nthawi zina ankangonong'ona kuti, 'A Makutu, mukundimva?' Ndikathamangira uko n'kuwapeza akuseka, amati amangoyesa ngati chingwe chikugwira ntchito."

Azakhali anakhala pansi pakhomo pomwepo. Zimenezi anali asanazimvepo, chifukwa anabwera kudzakhala m'nyumbamo maliro atatha.

"Tsiku lijalo," anapitiriza a Makutu, "mwini sitolo wina anadzaima pageti, kufuna uthenga wake wamalonda. Kompyuta inkachedwa kumaliza. Ndinatseka pulogalamu yomvetserayi kuti ipepuke. Ndinamupatsira fulashi yake pageti, iye n'kuyamba nkhani za mpira. Mphindi makumi awiri, mwanangu. Pobwerera ndinapeza kompyuta yagona. Amayi akonso."

Anaweramitsa mutu n'kupitiriza.

"Sindikudziwa ngati anandiitana. Ndi chimenecho chikundidya. Munthu wotchedwa Makutu, zaka zonsezi kumvetsera zolakwa za ena, tsiku lenilenilo n'kukhala gonthi. Ndiye ndinaitsegulanso, ndipo sindinaitsekenso. Ndikudziwa kuti m'chipindamo mulibe munthu, sindinapenge. Koma dzanja likukana."

"Achimwene," anatero azakhali akupukuta m'maso ndi ngodya ya mpango, "madzi akatayika saoleka. Inu mumandisiya ndikunjenjemera ndi tsache m'manja, chonsecho mzimu wa m'nyumba muno ndinu!"

A Makutu anamwetulira pang'ono chabe.

Injiniya anagwada pafupi nawo. Zoona anayenera kuzinena. "Ababa, kompyutayi yatopa. Ndikayamba kukopera nyimbo za amayi ikutentha chonchi, ikhoza kufera m'manja mwanga. Iyenera kupuma kaye, izizire. Mukaisiya chonchi sabata ina, sindikulonjeza kanthu. Pali zinthu ziwiri: chipinda chopanda munthu chija, ndi mawu awo akuimba. Zonse ziwiri simungazisunge."

"Ukundiopseza, Injiniya?"

"Igwireni nokha."

Anatambasula dzanja n'kuigwira. Sanalichotse msanga monga anachitira mwana wawo. Anangoliika pomwepo, ngati munthu woyeza thupi la wodwala.

"Ndinatseka kamodzi ndili kuno," anatero. "Kachiwiri ayi. Ndikazulira komweko."

Anadzuka n'kutuluka akutsatira chingwe chawo. Injiniya anali asanavule mahedifoni m'khosi, ndipo mosaganiza anawabwezera m'makutu. Anamva chitseko chikulira, masilipasi akukwekwereza, kenako bedi likuti kwee. Kamzere kobiriwira kanalumpha. Kwa nthawi yaitali kunangomveka kupuma kwa munthu wokalamba.

"Amayi a Injiniya," mawuwo anabwera pafupi kwambiri, ngati akulankhulira m'mutu mwake. "Ndine. Ngati munandiitana, ndabwera. Ndachedwa, pepani."

Kunamveka kansalu kakumasulidwa, kenako kuti thi! Kamzere kaja kanagona.

Injiniya anatseka pulogalamuyo misozi ikugwera pakiyibodi. Sanakhudzenso kanthu. Iye ndi azakhali anangokhala n'kumayang'ana. Patapita mphindi zisanu sikirini inazima, fani inachepetsa liwiro mpaka kuima, ndipo m'nyumbamo munati zii, moti anayamba kumva mbalame zapanja.

"Nanga bambo ako atsalira kuti?" ananong'ona azakhali.

Anapita onse awiri kukasuzumira. A Makutu anali atagona chammbali pamwamba pa zofunda, masilipasi ali kumapazi, maikolofoni ili m'dzanja. Injiniya anaima pakhomo mpaka ataona chifuwa chawo chikukwera n'kutsika, kenako anakoka chitseko pang'onopang'ono. Sanachitseke chonse.