Dzina la a Mwakalinga M'matabuleti

Towera ankayang'anira laibulale ya sekondale ina ku Vinthukutu. Bungwe lina la ku Lilongwe linapatsa sukuluyo matabuleti owerengera mabuku, ndipo iye ndi amene ankawalumikiza pa kompyuta kuti mabuku alowe ndi mitu yake komanso maina a olemba.

Buku limodzi anaikamo yekha. Analilemba m'Chinkhonde malemu Zebedee Mwakalinga, mphunzitsi wakale wa pasukulupo, za chaka chimene madzi anakokolola mpunga ku Wovwe. Towera analitaipa patchuthi, ndipo ophunzira ankalilimbirana.

Koma kompyuta ikangolumikizana pa intaneti ndi ya kulikulu la bungwe, dzina la a Mwakalinga linkafufutika. Pa wolemba pankatuluka mawu akuti sadziwika, pa chiyankhulo pankatuluka Chiswahili. Towera ankakonza n'kutumiza m'matabuleti onse, sabata yotsatira zinkabwereranso.

Reginald, woona za makompyuta ku bungwelo, atabwera kudzayendera, Towera anamuonetsa vutolo.

"Pulogalamu yathu ilibe Chinkhonde, madamu," anatero Reginald. "Imangosankha choyandikira. Musamasinthe, mukutisokoneza kulikulu."

"Nanga dzina la munthu, nalonso mulibe?"

"Ngati bukulo likuvuta, lichotseni."

"Silichoka."

Reginald anamuuza kuti akapitiriza makani, bungwe lidzatenga matabuleti onse. Towera ankadziwa kuti ana ambiri analibe buku lina lililonse. Komabe anawerama n'kuzula chingwe cha intaneti. Analembanso dzina la a Mwakalinga, nalemba Chinkhonde pamalo pake, n'kuyamba kulumikiza matabuleti, mlendoyo ali chiimire pomwepo.

"Ndiye mabuku atsopano muziwapeza bwanji?" anafunsa Reginald.

"Muziwasiya ku ofesi yanu ya ku boma. Ndizikawatenga pa fulashi."

Reginald atachoka, ahedi anamuitana Towera. Anamuuza kuti mlendo wobweretsa zinthu sayankhidwa choncho, ndipo abwezeretse chingwecho.

"Bwana, chibwezeretseni ndi dzanja lanu," anatero Towera. "Kenako mukawauze ana a malemu kuti bambo awo sadziwika."

Ahedi anamuuza kuti azipita. Chingwecho sanachikhudze.

Bungwe silinabwere kudzatenga matabuleti, koma linaichotsa sukuluyo pa mndandanda wa sukulu zolandira mabuku pa intaneti. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha Towera amakwera minibasi kupita ku boma, n'kukadikira pabenchi mpaka wina amuikire mabuku pa fulashi. Ulendo wina amabwerako chimanjamanja.

Tsiku lina pabenchipo anakumana ndi Yunike, wa laibulale ya sukulu ina ya kufupi ndi Kayelekera, yemwe anali atamva za buku la a Mwakalinga. Yunike anapempha monong'ona kuti amuikireko.

Towera anatulutsa fulashi yake osabisa. "Tengani. Koma musanalumikize, muzule kaye intaneti."